Mapiritsi a Kumanja

Makina ometera anali kulira bwinobwino pamutu pa Makanika pamene dzanja la Kumanzere linangofooka lokha. Makinawo anatsetsereka n'kulambula kanjira koyera kuchokera pamwamba pa khutu mpaka kunkhongo.

"Madala, mwayamba liti ntchito yokonza misewu?" anafunsa Makanika akupendeketsa mutu pagalasi. "Ine ndati mungochepetsa m'mbalimu. Akandiona chonchi akazi anga aziti ndagundidwa ndi njinga."

"Mwagwedezeka ndinu," anatero Kumanzere. "Khalani phee. Tingometa mpala basi, mutuwu upitidweko mphepo."

Anaseka onse, koma kuseka kwa Kumanzere kunali kwa pamano. Makanika sanagwedezeke ayi. Lomwe linakana ndi phewa. Kwa masiku angapo tsopano mapewa onse awiri ankawawa ngati anachita kumenyedwa ndi zibonga, ntchafu nazo chimodzimodzi, ndipo kamakina komwe anakagwira moyo wake wonse kanali katayamba kulemera ngati njerwa. Anasinthira dzanja lina n'kupitiriza kumeta, maso atawagwetsera pamutu pa kasitomala. Pagalasi sankafuna kuyang'anapo.

"Koma mwaphwa, madala," anapitiriza Makanika, poti pakamwa pake sipankadziwa kupuma. "Mimba ija yapita kuti? Anthu akuti amakuonani masana, dzuwa lili paliwombo, mukuthamanga chitunda cha kumathanki a madzi mutavala jekete la mvula. Ine ndinawatsutsa. Ndinati a Kumanzere ndi munthu wa nzeru zake, mvula mwezi uno aiona kuti?"

"Si munanena nokha? Oilo wakuda sakhetsa injini ili yozizira."

"Ine ndimanena za galimoto."

"Thupi ndi galimoto n'chimodzimodzi. Adokotala akuti m'magazi mwangamu muli mafuta. Mafuta osawatenthetsa angatuluke bwanji?"

Makanika anaseka mpaka tsitsi lometedwa linayoyoka pansalu. "Ndiye akutuluka?"

"Akutuluka," anayankha Kumanzere motsitsa mawu, ndi kakunyada pang'ono. "Ndikamataya madzi ndimaona ndi maso angawa. Akuda ngati tiyi wopanda mkaka."

"Ayi ndiye zikuyenda," anatero Makanika, munthu woti za thupi sankadziwapo kanthu. Atadzuka kuti adzikutumule, maso ake anagwera pa mpando wina uja, wa kumanja, umene unali wovundikiridwa ndi nsalu yoyera. Kuseka kunathera pomwepo. Anatola kapusi yake mwakachetechete, ndipo ali pakhomo anatembenuka. "Komabe kuthamanga si kufika, madala."

"Chaona mnzako chapita," anayankha Kumanzere. Mbali yotsalayo sanaimalize.

Dzinalo lisakudabwitseni. Anabadwa awiri tsiku limodzi, ofanana moti ngakhale mayi awo ankachita kuitana kaye kuti aone amene atembenuke. Atakula anatsegula shopu yometera ya chipinda chimodzi: mipando iwiri, galasi lalikulu lodzaza khoma, ndi kabati ya madilowa awiri pansi pa galasilo. Makasitomala atatopa ndi kusokoneza anangowatcha mayina a mipando yawo. Wa mpando wa kumanja anakhala Kumanja, winayu Kumanzere, ndipo mayina enieni anapita kumanda ndi mayi awo. M'mawa uliwonse asanatsegule chitseko ankametana ndevu, wina kukhala pansi wina kuimirira, moti palibe anawaonapo ndi kandevu ngakhale kamodzi.

Kumanja ndiye anali mwini phokoso. Nthabwala zinali zake, nyama yonona inali yake, ndipo mbale wake ankamutchula kuti mphwanga, ati chifukwa iye ndi amene anayamba kuona dzuwa. Tsiku lina anakayezetsa limodzi kuchipatala, ndipo onse anawapeza ndi mafuta ochuluka m'magazi, aja amatseka mitsempha pang'onopang'ono mwini wake osamva kanthu. Onse anapatsidwa mapiritsi oti azimwa limodzi patsiku. Kumanzere ankamwa ake madzulo kunyumba, mkazi wake ataima pambali ngati wapolisi. Kumanja anati ake azimwera kuntchito.

Sipanapite miyezi yambiri. M'mawa wina, akupukuta makina ake, Kumanja anangoima. "Tandigwirirako, mphwanga," anatero akupereka makinawo. Anakhala pa mpando wake n'kudziyang'ana pagalasi ngati waona kachitsotso m'diso. Kumanzere anadikira nthabwala. Nthabwala sinabwere.

Chakudza sichiimba ng'oma, zimenezo tonse timadziwa. Koma chimene chinamukhala Kumanzere pamtima si imfa yokhayo ayi. Pa maliro paja anthu ankalowa kukaona nkhope, potuluka n'kukumana ndi nkhope yomweyo itaima pakhomo, ikuphethira. Ena ankathawitsa maso. Mayi wina wachikulire anachita kubwerera cham'mbuyo atagwira pakamwa. Ndipo iye mwini, atasuzumira m'bokosimo, anadzionera yekha mmene adzagonere, mmene milomo idzaumire, mmene chibwano chometedwa bwino chija chidzalozere kudenga. Nanga ntchito yake si yoima kutsogolo kwa galasi tsiku lathunthu? Akangokweza maso, mbale wake anali pomwepo atagwira makina, akumuyang'ana ngati akufunsa kuti, ukuchedwa chiyani?

Anabwerera kuchipatala ali ndi mantha. Namwino anamukhazika pansi n'kumuuza zambiri: kuti apitirize mapiritsi, kuti ayambe kulimbitsa thupi koma pang'onopang'ono, kuti akamva zachilendo m'minofu abwere msanga. Koma munthu wa mantha samva zonse. Amatola mawu amodzi n'kuthawa nawo. Kumanzere anatola akuti mafuta, Makanika n'kudzawonjezera za oilo wake zija, basi nkhani inathera pomwepo.

Kenako kunadza za dilowa. Tsiku lina akufunafuna lumo anatsegula dilowa la kumanja, ndipo pansi pa zipeso anapeza botolo la mapiritsi, lodzaza mpaka m'khosi, chivundikiro chake chosatsegulidwa n'komwe. Kumanja sanamwepo ngakhale limodzi. Kumanzere anakhala nalo m'manja botololo nthawi yaitali. Akanamwa awa, bwenzi lero akusokosa pompano. Kuwataya kunali ngati kumutaya mbale wake kachiwiri. Nanga ngati piritsi limodzi limatsuka, awiri satsuka msanga? Anatsegula. Kuyambira pamenepo, madzulo ankamwa ake kunyumba, masana n'kumwa a malemu kushopu, ndipo tsiku limene galasi lamuyang'ana moipa ankameza awiri. Kunyumba sananene.

Ndiye tsiku limenelo Makanika atachoka, Kumanzere anachita zomwe ankachita masana aliwonse. Anameza piritsi la m'dilowa ndi malovu okha, poti madzi amaziziritsa injini. Anachotsa jekete la mvula la pulasitiki pa msomali wa kuseri kwa chitseko. Linali la Kumanja, ndipo m'khosi mwake munkanunkhirabe mafuta ake odzola. Analitseka zipi mpaka pachibwano, n'kukiya shopu, n'kuuyamba.

Anadutsa pa owotcherera zitsulo, anadutsa mpanda wa sukulu, n'kukhotera njira yokwera kumathanki. Kunja kunali ng'ani, phula likuchita kunyezimira. Miyendo inkalemera ngati akuthamanga m'matope. Thukuta linkayenderera m'manja mwa jekete n'kumadontha kunsonga za zala. Ndipo jeketelo linkalira, chwa, chwa, chwa, mwina mogwirizana ndi mapazi ake, mwina ayi. Pakati pa chitunda, pamene nyumba zimathera, nthawi zonse ankamva ngati akupuma ndi anthu awiri. Winayo ankakhala cha kudzanja lamanja, kumbuyo pang'ono. Kumanzere sankacheuka. Ankangowonjezera liwiro, mtima ukugunda m'makutu, akudziuza kuti akafika pamwamba ndiye kuti lero wapulumuka.

Tsiku limenelo pamwamba anafika chokwawa. Anatsamira khoma la thanki, m'kati mwake madzi akumveka kuwinduka, pambali pake mpopi ukudontha. Kukhosi kunali gwa. Anauyang'ana mpopiwo mmene mwana amayang'anira chakudya cha alendo, koma sanamwe. Potsika ntchafu zinkanjenjemera moti anachita kugwira mipanda ya eni. Kuseri kwa shopu kunali zitini ziwiri zodzaza simenti zimene ankanyamula polimbitsa thupi akabwera kothamanga. Anawerama, anagwira, koma zitini sizinasunthe. Atalowa kuchimbudzi, mkodzo unatuluka wochepa kwambiri, wakuda kuposa dzulo. Ndipo munthu wa Mulunguyu anamwetulira, n'kunena mumtima kuti atsala pang'ono kutha.

Kutacha analephera kuvala malaya. Mikono inkafika pachifuwa n'kukana kukwera. Mkazi wake, amene ankagwira ntchito yosita zovala kuhotela ndipo anali atanyamula kale chikwama, anaima pakhomo la chipinda n'kumuyang'anitsitsa.

"Bambo, mukundibisira chiyani?"

"Palibe. Ndi minofu ikukula. Amene amanyamula zitsulo onse amatero."

"Minofu ikamakula munthu amatupa maso? Taonani akakolo anuwo. Paja namwino anati mukamva kuwawa mubwerere."

"Ndikapita akandiletsa kuthamanga," anatero Kumanzere. "Ndikasiya kuthamanga mudziwa chimene chitsatire. Munachiona nokha."

Mkaziyo anaika chikwama pansi, n'kumulowetsa mikono m'malaya, n'kumumanga mabatani ngati mwana wa sukulu. "Mawa ndipempha tchuthi. Mufune musafune tipita."

"Mawa tipita."

"Zengerezu analinda kwawukwawu," anatero akutola chikwama. "Ndipo alamu anu akuti abwera kushopu lero kudzatenga katundu wa malemu. Muwalandire bwino."

Mlamu wakeyo, mkazi wa Kumanja, anafika chakum'mawa komweko atanyamula thumba lopanda kanthu. Chichitikireni maliro anali asanamuyang'anepo Kumanzere kumaso. Kale ankaseleulana awiriwa mpaka misozi, iye kumati ndinakwatiwa ndi wokongolayo, Kumanzere kumati munasokoneza pa tsiku la ukwati. Tsopano moni ankapereka kwa nsapato.

"Mwadzuka bwanji, alamu?"

"Tadzuka, kaya inu. Lowani, katundu ndi wanu."

Kumanzere anali atakhala pa mpando wake wometera, chifukwa kuimirira kunali kutamukanika, ndipo makasitomala awiri anali atawabweza kale ponamizira kuti magetsi avuta. Anangoonera mlamu wake akuika m'thumba makina a malemu, kapu yake ya tiyi, kawayilesi kosweka chogwirira. Mtima unayamba kugunda atamuona akugwira dilowa.

Mayiyo anatulutsa zipeso, kenako botolo. Analigwedeza. Munalira timapiritsi tochepa tokha pansi. Anawerenga dzina lolembedwa pabotolopo, n'kuligwedezanso, kenako anakhala pansi pa benchi la makasitomala ngati wina wamukankha.

"Kani ankamwa," anatero.

Kumanzere anayang'ana pansi.

"Ankamwa, alamu." Mawu ake anali otsika, ophwa. "M'mawa wa tsiku lija tinakangana. Ndinawafunsa za mapiritsi, iwo akuti ndimamwera kuntchito. Ine ndinati ndinu abodza. Ndinabwereza, ana akumva. Anatuluka tiyi osamwa. Mawu omaliza amene anamva pakamwa panga ndi amenewo, akuti abodza. Miyezi yonseyi ndimadzitonthoza kuti ndinanena zoona, ndinkawafunira moyo. Kani ndinawanamizira. Anapita ndi mtima wowawa chifukwa cha ine." Misozi inayenderera, iye osaipukuta. "Ndipo ngati ankamwa n'kufabe, ndiye mankhwalawa ndi a chiyani? Inunso mukungodzivutitsa."

Kunja galimoto inadutsa. Makina owotcherera zitsulo analira n'kusiya. Kwa Kumanzere kubisa zoona kunali kosavuta: mbale wake akanatsala munthu woona, ndipo iye masana akanavala jekete n'kukwera chitunda monga mwa masiku onse. Koma mayi uyu akanasenza mwala umene sunali wake mpaka kumanda. Anakweza maso. Pagalasi mbale wake anali atakhala pampando, wotupa zikope, milomo yosweka, ndipo kwa nthawi yoyamba sankaoneka ngati akuitana. Ankaoneka ngati munthu wodwala amene akuchita manyazi.

"Alamu," anatero, "simunawanamizire."

Mayiyo sanadzutse mutu.

"Botololo ndinalipeza losatsegula. Achimwene sanamwepo ngakhale limodzi. Amene wamwa ndi ine."

Apa mlamu uja anadzutsa mutu, n'kumuyang'ana kumaso. Anamuyang'ana nthawi yaitali, kuyambira pamphumi mpaka pachibwano, ndipo Kumanzere anaona nkhope ya mayiyo ikusintha, chisoni chikuchoka, mantha akulowa.

"Pamwamba pa anu aja?"

"Eya."

"Tsiku lililonse?"

"Nthawi zina awiri. Ndimafuna mafutawa atuluke msanga. Ndipo akutuluka, alamu, musade nkhawa. Mkodzo ukumachita kuda bii."

"Taimirirani."

Anagwira mikono ya mpando n'kudzikankha. Anakwera pang'ono, ntchafu zinanjenjemera, n'kugweranso pampando. Anayesanso, koma ulendo uno sanasunthe n'komwe. Anayesa kuseka. "Ndangotopa. Ndikathamangako masana zimasuka."

Mlamu wake anadzuka, n'kupita kuseri kwa chitseko, n'kuchotsa jekete lija pamsomali. Analipinda, analiponya m'thumba, botolo n'kuliika m'chikwama chake cha m'manja. Kenako anadzaima kutsogolo kwake, pakati pa iye ndi galasi.

"Kaya ndi mafuta kaya si mafuta, akanene ndi adokotala. Ine za mankhwala sindidziwa. Chimene ndikudziwa n'chimodzi." Anamuloza kumaso. "Nkhope imeneyi ndinaiika kale m'manda kamodzi, alamu. Kachiwiri sindingathe."

Anatuluka kukaitana Makanika kugalaja. Anachita kumunyamula awiri, wina uku wina uku, n'kumugoneka kumpando wakumbuyo wa galimoto ya eni yomwe inali itabwera kudzakonzetsa mabuleki.

Adokotala anali mayi wa magalasi, wooneka kuti watopa koma wosapupuluma. Anamvetsera zonse, za jekete, za chitunda, za zitini, za madzi osamwa. Mlamu anaika botolo la malemu patebulo. Mkazi wa Kumanzere, amene anathamanga kuchokera kuhotela yunifolomu ili m'thupi, atamva za botolo anangogwira m'chiuno n'kuyang'ana kudenga. Atabweretsa kabotolo ka mkodzo, adokotala anakanyamula n'kukayang'ana pawindo.

"Bambo, awa si mafuta," anatero. "Iyi ndi minofu yanu. Yakhala ikuphwanyika, ndipo zinyenyeswa zake zikukatseka impso. N'chifukwa chake mkodzo wada, n'chifukwa chake ukuchepa. Mukanachedwa pang'ono, bwenzi tikukamba zina."

Kumanzere anamva ngati bedi likumira. Masiku onse aja ankamwetulira kuchimbudzi, kani ankasekerera imfa yake.

"Ndiye mapiritsiwo ndi oipa?" anafunsa mlamu.

"Ayi, mayi. Mapiritsiwo amapulumutsa anthu ambiri, ndipo kulimbitsa thupi n'kwabwino. Ambiri amachita zonse ziwiri popanda vuto. Koma mankhwalawa nthawi zina amakhudza minofu, makamaka ukachulukitsa mlingo. Ndiye bambowa achulukitsa, n'kudzipanikiza padzuwa m'pulasitiki, madzi osamwa, kuwawa n'kumakupirira. Zonse anaziunjika pamodzi. Mafuta a m'magazi satuluka ndi thukuta, bambo. Anakuuzani ndani zimenezo?"

Onse anatembenukira kukhomo, kumene Makanika anaima ndi mpala wake, kapusi ali nayo m'manja.

"Ine ndimanena za galimoto," anatero motsitsa. Palibe anaseka.

Anamugoneka, anamuika diripi, mapiritsi onse n'kumuimitsa kaye. Masiku otsatirawo nkhani inali imodzi yokha: kodi impso zidzuka? Mkazi wake ankakhala pambali pa bedi, maso ali pa thumba la mkodzo lopachikidwa kunsi, kuyang'anira mtundu wake ngati mlimi woyang'ana mitambo. Sanamukalipire. Kumanzere akanakonda kukalipiridwa. Tsiku lina mkaziyo anangoti, "Ine ndimaima pambali panu madzulo aliwonse kuwerengera piritsi limodzi, kani inu mukundiseka mumtima," n'kutuluka kukalira pakhonde. M'chipindamo munalibe galasi, komabe Kumanzere akatseka maso ankamva chwa, chwa, chwa cha kudzanja lamanja, ndipo ankachita mantha ndithu, mantha a mwana.

Pang'onopang'ono mtundu unayamba kusintha, kuchoka kwakuda kufika kofiirira, kenako kwachikasu. Tsiku lomutulutsa adokotala anakhala m'mphepete mwa bedi.

"Impso zadzuka, koma mwazipweteka, ndipo tiziziyeza pafupipafupi. Mapiritsi tidzayambiranso magazi akayera, mlingo umene ndinene ine, anu okha. A munthu wina si anu, ngakhale mufanane nkhope. Musawonjezere nokha, musasiyenso nokha. Mphamvu zikabwerera muyambe ndi kuyenda, m'mawa kapena dzuwa litapendeka, botolo la madzi m'manja. Muziyenda liwiro loti mungathe kucheza ndi mnzanu. Mawu akayamba kudukaduka, chepetsani. Thupi kuwawa pang'ono ukayamba kumene n'kwachibadwa, kumatha pakokha. Koma kuwawa kwa mbali zonse ziwiri kosatha, kufooka, kapena mkodzo kuda, musadikire mawa."

"Nanga mafutawo?" anafunsa Kumanzere. "Achimwene anga..."

"Achimwene anu sanamwe mankhwala. Inu mumwa. Sindingakulonjezeni zaka, bambo, palibe angatero. Koma njira yanu si yawo."

Panapita milungu asanatsegule shopu. M'mawa woyamba anayenda wapansi ndi mkazi wake mpaka pokwerera basi, botolo la madzi m'manja, akukambirana za denga lodontha ndi za mwana wawo wamkazi amene ankafuna kusiya ntchito. Mawu sanadukeduke. Ana a sukulu ankawapitirira, ngakhale nkhalamba ina ya ndodo inatsala pang'ono kuwapitirira, ndipo mkaziyo anati, "Taonani katswiri wa chitunda uja." Kumanzere anaseka, ulendo uno kuchokera m'mimba. Pa mphambano ya kumathanki anaima pang'ono n'kumvetsera. Kunali phokoso la magalimoto basi.

M'shopu munkanunkha fumbi. Msomali wa kuseri kwa chitseko unali wopanda kanthu. Anasesa, anapukuta kabati, kenako anagwira nsalu yoyera ija pa mpando wa kumanja n'kuichotsa, n'kuipinda. Anatenga makina kuti adzimete, poti chigonekedwereni m'chipatala ndevu anali asanazikhudze, ndipo wometa wa ndevu zanyankhalala ndani angamukhulupirire? Analumikiza kumagetsi, makina analira, ndipo anakweza maso.

Pagalasi panali munthu amene sanamuonepo. Wowonda masaya, maso olowa, ndi ndevu zodzaza chibwano, zoyera mbuu ngati wagwera mu ufa. Kani pansi pa lumo la m'mawa uliwonse lija munkabisala imvi zonsezi. Kumanja sanafike poziona zake. Nkhope iyi sinali ija ya m'bokosi. Inali ya munthu amene wakula kupitirira pamene mbale wake analekezera.

Makina anapitiriza kulira m'dzanja. Kumanzere anayang'ana ndevuzo, anayang'ana mpando wopanda munthu, misozi n'kulengeza. Anamusowa mbale wake koopsa, kuposa tsiku la maliro lomwe. Kenako anazimitsa makina n'kuwaika pakabati.

"Tsogolani, achimwene," anatero. "Ine ndikubwera, koma wapansi."

Anamwa madzi a m'botolo lake, n'kutsegula chitseko kuti makasitomala aone kuti shopu yatsegulidwa.